Nkhuku Imene Ndinaipeza pa Phiri la Moto

Popeza Amalawi ambiri kuno ku Dublin amva kuti ine ndinakwerapo phiri lophulika, ndipo akhala akundifunsa malangizo a ulendo wotere (ochepa mofunadi kudziwa, ambiri mofuna kuseka), ndaganiza zolemba nkhani yonse kuti aliyense aziwerenga yekha. Ndinene poyambirira kuti ulendowo sunandiwonjezere ulemu. Ndinanyamuka ndili woyeza malo wa dipuloma yake, ndinabwerako ndili ndi nsapato imodzi yamoyo ndi dzina latsopano. Malangizo alimo ndithu, koma muwatole nokha m'njira, monga momwe inenso ndinawatolera.

Zinachitika m'zaka zino zimene Dublin ikumanga nyumba ngati kuti mawa simenti iletsedwa. Ndimakhala ku Santry, kumene ndege zimadutsa pafupi kwambiri moti mwana wathu Chisomo amazitsazika pazenera, ndipo ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono yoyeza malo ku Blanchardstown. Pa nthawiyo ndinali ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Tanthauzo lake linali losavuta: abwana akasaina kontirakiti, chilolezo changa chogwirira ntchito chipitirira, akapanda kusaina, banja lonse timanga katundu, Chisomo n'kusiyira sukulu pakati.

Abwana anga, a Declan, anali ndi kasitomala wamkulu dzina lake a Mossie, mlimi wokalamba amene anagulitsa minda yake kwa omanga nyumba n'kudzuka m'mawa wina ali wolemera. Azungu a kuno anali atayamba kugula malo a tchuthi ku zilumba za Cape Verde, ndipo a Declan ankafuna kuti mkuluyu agule nawo. Anandiuza kuti nditsagane nawo kukayeza, ndipo tikamaliza tikakwera phiri la moto la pachilumba cha Fogo kuti kasitomala asangalale. "Mkuluyu akakondwa, kampani ili ndi ntchito," anatero. "Kampani ikakhala ndi ntchito, kontirakiti yako ilipo. Tikambirana tikabwerako."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinauza achimwene Mataka a ku Ballymun, mnzanga amene amasamalira okalamba ndipo pakamwa pake sipapuma.

"Volcano? Inuyo achimwene? Ma holiday onse a padziko lapansi, mwasankha kokawotchedwa?"

"Si holiday, ndi ntchito."

"Insurance muli nayo? Chifukwa ife kuno tatopa ndi ma meeting otumizira maliro kumudzi. Komatu mukapsa bwinobwino mutithandiza, phulusa limakwana mu hand luggage."

Ndinawayankha modekha kuti ine ndinabadwira m'munsi mwa Mulanje, mbali ya ku Phalombe, ndipo phiri ndi phiri basi. (Mawu amenewa ndawamvanso kambirimbiri chibwerereni, nthawi zonse kuchokera pakamwa pa a Mataka.)

Langizo loyamba ndi la nsapato, ndipo ndinalilandira ndisananyamuke, koma ndinalikana. Mayi a Chisomo, pondithandiza kulongedza, anati, "Bambo a Chisomo, tengani ma trainers aja." Ine ndinalingalira nkhaniyi mbali zonse. Munthu amene ali pa nthawi yoyesedwa, akuyenda ndi bwana wake komanso ndi munthu wachuma, angaoneke bwanji atavala nsapato zothamangira ngati mwana wa sukulu? Kwathu ukamaperekeza akuluakulu umavala zooneka. Ndinatenga nsapato zanga zakuda za ku ofesi, pamodzi ndi polishi wake.

Fogo ndi chilumba chotentha, ndipo chilumba chonsecho kwenikweni ndi phirilo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pamwamba pake pali chigwa chachikulu chakuda bii ngati makala, ndipo m'chigwa chimenecho muli mudzi. Anthu amalima mphesa m'phulusa, pafupi ndi miyala ya chiphalaphala chimene chinauma phirilo litaphulika komaliza. Wotitsogolera anali bambo wansangala dzina lake Zeca, amene Chingerezi chake chinali chofanana ndi Chipwitikizi changa kuwonjezerapo pang'ono. Ndinamufunsa chifukwa chimene anthu sasamukira pamalo oopsa chotere.

"Ku Ireland mvula imagwa tsiku lililonse, eti?" anandifunsa.

"Pafupifupi."

"Nanga inu simusamuka bwanji? Ife phiri lathuli limapsa mtima mwa apo ndi apo."

Langizo lachiwiri: idyani chakudya cham'mawa, ndipo idyani mopanda manyazi. Ine sindinatero. Tinadzuka m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo patebulo a Declan anangomwa khofi n'kuluma kabuledi. Ndinaona kuti si nzeru wantchito kudya kuposa bwana wake, choncho nanenso ndinaluma kabuledi n'kunena kuti ndakhuta. Sindinadziwe kuti iwo ankasungira malo m'mimba pa chifukwa chimene ankachidziwa okha.

Kukwera phiri la moto sikufanana ndi kukwera Mulanje. Pa Mulanje mwala ukauponda umakhala pomwepo. Pa Fogo umaponda phulusa ndi timiyala topepuka, phazi n'kubwerera kumene lachokera, ndipo gawo lina la phirilo n'kulowa m'nsapato. Mthunzi kulibe, mtsinje kulibe, choncho madzi, chipewa ndi chofunda chopepuka muzinyamula nokha, chifukwa kumunsi kumatentha koma kumtunda mphepo imaluma. A Mossie, ndi ukalamba wawo wonse, ankakwera ngati mbuzi, akusimba za ng'ombe zawo zakale. Ine ndinkapuma ngati mvukuto, koma ndinkayesetsa kuti mpweyawo uzimveka ngati kuvomereza nkhani.

Chapakati pa ulendo tinafika pamalo pamene nthaka imatentha ndipo m'ming'alu mumatuluka nthunzi yonunkha ngati mazira owola. Zeca analowetsa udzu wouma m'mng'alu wina, udzuwo n'kuyaka wokha. Tonse tinaombera m'manja. Ine ndinaima pomwepo nthawi yaitali ndithu kuti a Declan andijambule chithunzi chokaonetsa a Mataka. Kenako Zeca anasenza chikwama chake chachikulu n'kuzimiririka kuseri kwa thanthwe. Ine monga munthu woleredwa bwino ndinayang'ana kumbali, pakuti mwamuna mnzako akapita kuseri kwa thanthwe sumufunsa chimene akukachita. Anachedwako, ndipo ndinamumvera chisoni. Kuti chikwama chija chinabwerako chitaphwa, sindinaone. (Langizo lachitatu: funsani wokutsogolerani chimene wanyamula. Ulemu wina umapweteketsa.)

Titangoyamba kuyendanso, nsapato yanga yakumanja inayasama kutsogolo ngati mlamba. Kutentha kwa nthaka kuja kunali kutasungunula ulimbo wake ine ndikumwetulira chithunzi. Ndinayesa kuyenda mokoka phazi, koma posakhalitsa chapansi chonse chinachoka n'kutsalira m'mbuyo. A Declan anayang'ana phazi langa, anayang'ana nsonga ya phiri, n'kunena kuti, "Tidikire pompano. Usasunthe." Motero mwana wa Mulanje anatsala pakati pa njira, mlimi wokalamba wa ku Ireland akupitirira.

Ndinakhala pamwala. Patapita nthawi mtambo unakwera kuchokera kunyanja n'kuphimba malo onse, moti sindinkaona patali kuposa kutalika kwa chipinda. Kunangoti zii. Njala inayamba kundilankhula. Ndiyeno pakati pa fungo la mazira owola lija panabwera fungo lina, ndipo mphuno yanga inalizindikira ubongo usanavomereze: nkhuku, ya adyo.

Ndinalitsatira, ndikutsimphina, mpaka kuseri kwa thanthwe. Kumeneko ndinapeza nsalu yoyera yoyalidwa bwino, yopsinjidwa ndi miyala m'makona. Panali buledi, nthochi, mphesa ndi kachizi koyera. Pambali pake panali mphika wachitsulo wokwiriridwa m'phulusa mpaka m'khosi, ukuwira pang'onopang'ono. Moto panalibe. Nkhuni panalibe. Mapazi a munthu panalibe, pakuti mphepo inali itasesa.

Pano ndiyenera kufotokoza kanthu kwa inu amene simunakulire kufupi ndi phiri. Amalume anga ankacheka matabwa a mkungudza pa Mulanje, ndipo asanandilole kuwaperekeza koyamba anandikhazika pansi n'kundiuza malamulo. Phiri lili ndi eni ake. Nthawi zina munthu wanjala, ali yekha m'nkhungu, amapeza chakudya chokonzedwa popanda wochikonza. Ukachipeza, idya. Usaitane mnzako, usalankhule mpaka utamaliza, ndipo usatengeko n'kanyenyeswa komwe. Amene wachikana, kapena amene wafuula kuti ena abwere adzaone, amazungulira phirilo osapezanso njira ya kwawo. Amalume ankatchula ndi mayina omwe a anthu amene sanabwerere.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndinaphunzira sayansi. Choncho sindinathamangire. Ndinaima n'kuyeza nkhaniyo monga ndimayezera malo. Ngati mizimu kulibe, ndiye kuti ndikadya sindilakwira aliyense. Ngati iliko, ndiye kuti ndikakana ndasochera, ndili ndi nsapato imodzi, pachilumba chimene sindidziwa chinenero chake. Ndinadzifunsanso ngati malamulo a Mulanje amagwira ntchito kunja kwa Malawi, ndipo ndinapeza kuti Cape Verde ndi Africa ndithu, ndipo eni mapiri ayenera kuti amadziwana. Za Zeca ndinaganizako, inde, koma mwachidule: iye analibe nkhuni, nanga akanaphika bwanji? (Kuti nthaka imene yayatsa udzu n'kusungunula nsapato ingathenso kuphika nkhuku, zimenezo dipuloma yanga inakana kuzilumikiza. Njala ikafika pakhosi, nzeru zimatsikira m'mimba.)

Umboni womaliza unali mumphika. Nditavundukula ndinaona nthutumba ili pamwamba penipeni. Aliyense akudziwa kuti nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka. Panalibenso chokambirana.

Ndinasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, ndinagwada, ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyamba. Cholinga changa chinali kungolawa mwaulemu: nthutumba ndi phiko limodzi. Koma nkhuku ya phiko limodzi inkaoneka yopendekeka, choncho ndinadya linalo. Kenako ndinakumbukira kuti amalume sananenepo kuti ukalawe, anati ukadye. Ndinene zoona, sindinadyepo nkhuku yofewa chotero, ku Malawi kapena ku Ireland. Mnofu unkachoka wokha pafupa. M'munsi munali mbatata zimene zinamwa msuzi wonse.

Ndili pa ntchafu yachiwiri ndinamva mawu m'nkhungu. Anali a Declan, akuitana dzina langa (molakwitsa, monga mwa masiku onse). Mtambo uja unali utawabweza asanafike pansonga.

Taganizirani mmene ndinalili. Mbali imodzi kunali bwana amene kontirakiti yanga inali m'manja mwake. Mbali ina kunali lamulo lakuti usalankhule mpaka utamaliza. Ndinaona kuti njira yokhayo yosakhumudwitsa mbali zonse ziwiri inali kumaliza msanga. Ndinawonjezera liwiro.

Anaitananso. Zeca anaimba likhweru. Kenako ndinamva a Declan akufuula ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo: "Ambuye wanga! Taonani!" Anali atapeza chapansi cha nsapato yanga, chili chokha m'mphepete mwa mng'alu wotuluka nthunzi.

"Wagweramo," anatero a Declan. "Ndinamuuza kuti asasunthe! Ndikawauza chiyani akazi ake? Ali ndi mwana wamng'ono!"

"Mng'aluwu ndi waung'ono, bwana," anatero Zeca.

"Iyenso ndi wochepa thupi!"

Ndiyeno a Mossie, amene pambuyo pake ndinamva kuti anavula chipewa, anayamba kundipempherera ndi mawu okweza, kupempha kuti mzimu wanga uuse mumtendere. Abale anga, ndi anthu ochepa amene anamvapo pemphero la maliro awo. Ine ndinalimva lonse, ndikusenda nthochi yomaliza. Linali pemphero labwino, ndipo linanditchula kuti ndinali mnyamata waulemu.

Mphepo inaomba, mtambo unang'ambika, ndipo anthu atatu aja anazungulira thanthwe. Anandipeza nditagwada, ndikusanja mafupa bwinobwino pakona ya nsalu kuti ndisatengeko kanthu. Ndinakweza chala kuwapempha kuti adikire, ndinameza, ndinaomba m'manja mothokoza, kenako ndinati, "Ndili pano, bwana."

Zeca anasuzumira mumphika n'kugwira kumutu. "Nkhuku yanga! Ya anthu anayi!"

Nkhope ya a Declan inasintha mitundu ingapo, kuyambira kuyera kwa mantha mpaka kufiira kumene azungu amafika nako akafuna kunena zambiri nthawi imodzi. Zinadziwika kuti iwo ndi Zeca anapangana zimenezi tisananyamuke ku Dublin. Chinali chinsinsi chodabwitsira kasitomala: nkhuku yophikidwa ndi phiri lenilenilo, ndipo mkuluyo atakhuta, a Declan akanayambitsa nkhani yogula malo.

"Tinkakuitana," anatero mwapang'onopang'ono. "Unkatimva?"

"Ndinkamva, bwana."

"Ndiye?"

Ndinalingalira zonama, koma bodza lililonse limene ndinapeza linali loipa kuposa choonadi. Choncho ndinaimirira, phazi limodzi m'nsapato, lina m'sokosi, n'kufotokoza za amalume, za eni phiri, za malamulo onse ndi za nthutumba. Ndinafotokoza mwadongosolo ngati lipoti. Nditamaliza ndinkaona kale m'maganizo masutikesi athu ali pabwalo la ndege.

Amene anayamba kulankhula anali a Mossie, ndipo sankaseka.

"Iwe unkaganiza kuti n'chakudya cha eni phiri, ndipo unadya?"

"Ndi lamulo, bambo."

"Mwana iwe! Kwathu chakudya cha anthu amenewo sadya! Ukangolawa, kwanu sudzakuonanso. Amayi anga akanakumenya ndi tsache!"

"Kwathu amene sabwerera ndi amene wakana."

"Ndiye kuti akakupatsa, inu mumadya, ife timathawa?"

"Mwina a kwathu ndi ochereza alendo," ndinatero. "A kwanu sindikuwadziwa."

Mkuluyo anaseka mpaka anakhala pansi paphulusa. Atapukuta misozi anatisimbira kuti m'munda umene anatsala nawo kwawo muli mtengo waminga umene umaima wokha pakati, ndipo ku Ireland mtengo wotero sadula, chifukwa uli ndi eni ake. Anakana kugulitsa mundawo kwa aliyense wofuna kuuzula. "Declan," anatero, "anyamata onse a masukulu amene umanditumizira amauseka mtengo wanga. Uyu ndi woyamba wodziwa kuti malo ali ndi eni."

Mtima wanga unayamba kutsika. Koma iwo anapitiriza: "Ndipo malo a kunowa sindigula. Tabwera anthu anayi, wadya mmodzi. Ine ndamva zimene eni ake akunena."

Anthu atatu aja anagawana kachizi kaja, kamene ndinakasiya chifukwa chizi cha mkaka wa mbuzi sindichikonda (eni phiri andikhululukire). Potsika, Zeca anandimangira chapansi cha nsapato ndi chingwe. Langizo lina ndi ili: potsika phiri lotere musalimbane nalo, ingothamangani m'phulusa mokhala ngati mukutsetsereka, zidendene patsogolo, ndipo n'zosangalatsa kwambiri ngati bwana wanu akukulankhulitsani. Ndinapepesa kwa Zeca, iye n'kunena kuti palibe kanthu, nkhaniyi idzadyetsa alendo ake ambiri kuposa nkhukuyo.

M'ndege a Declan anandifulatira n'kumangoyang'ana pazenera. Nditafika ku Santry ndinawauza mayi a Chisomo zonse, kuti ayambe kukonzekera mumtima. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Ndinati ma trainers."

"Nkhani si nsapato, mayi."

"Mukanavala ma trainers mukanatsalira? Mukanapanda kutsalira mukanadya chicken ya eni ake?"

Ndinayesa kupeza polakwika m'kaganizidwe kameneka, koma panalibe. Chisomo, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anasuzumira pakhomo n'kufunsa, "Daddy ate the ghosts' dinner?"

Lolemba a Declan anandiitanira mu ofesi yawo. Ndinalowa nditavala nsapato zothamangira. Anandiuza kuti a Mossie aimba foni: apereka ku kampani yathu ntchito yonse yogawa munda wawo uja, ntchito yoposa ya kuchilumba ija, pokhapokha ngati woyeza ndi ine ndipo msewu uzungulira mtengo. Anakankhira kontirakiti patsogolo panga n'kunena kuti, "Saina. Ndipo tsiku lina ndikadzakuitana, uyankhe, ngakhale uli ndi ng'ombe yathunthu m'kamwa."

Chisomo akupitiriza sukulu yake. Koma taonani mmene zotsatira zimayendera. Ndinkafuna kuti anditenge chifukwa cha luso langa loyeza, lomwe ndinalivutikira zaka. Ananditenga chifukwa cha amalume. Tsopano kulikonse kumene kampani yapeza mtengo woima wokha kapena chulu chokayikitsa, amatumiza ine, pamvula, kuti ndikalankhule ndi mwini munda. Alimi ena amafunsa za ine asanafunse za mtengo wa ntchito. A Mataka atamva zimenezi anaimirira pakati pa anthu titaweruka kutchalitchi n'kulengeza kuti, "Amene muli ndi ma problem a visa, musavutikenso. Tili ndi Sing'anga wa ku Santry. Consultation ndi nkhuku imodzi." Dzinalo linakhazikika.

Choncho inu amene mukufuna kukaona phiri la moto, pitani, ndi malo okongola. Valani nsapato zimene mkazi wanu wasankha, khutani musanakwere, musaime nthawi yaitali pamene nthaka ikufuka, ndipo mukapeza chakudya chopanda mwini, dziwani kuti mwini wake ali pafupi ndipo ali ndi njala.

Langizo lomalizali ndimalikhulupirira ndi mutu wanga wonse. Komabe sabata yatha ndinalowa m'khitchini ya ku ofesi masana, kunja kuli nkhungu, ndipo patebulo panali mbale yaikulu ya masangweji a nkhuku, yokonzedwa bwino, popanda munthu aliyense. Ndinaima n'kuyeza nkhaniyo mbali zonse. Kenako ndinasamba m'manja, ndinatseka chitseko, ndipo sindinaitane munthu.